Dzina la bala linachokera pachithunzi

Mchemwali wina amene wangoyamba kumene ntchito ku Nottingham, mzinda wa ku England, wandilembera imelo. Akuti paliponse pamene basi imadutsa amaona mabala otchedwa Red Lion, Royal Oak kapena White Hart, ndipo bala lililonse lili ndi chithunzi cholendewera pakhomo. Akufunsa kuti mayinawa anachokera kuti, nanga bwanji sangolemba dzina la mwini wake.

Achemwali, chimene chinayamba si dzina ayi, koma chithunzicho. Kale anthu ambiri ku England sankadziwa kuwerenga, choncho kulemba mawu pakhomo kukanakhala kutaya penti. Mayi akafulula mowa ankangotulutsa mtengo wautali pakhomo kuti odutsa adziwe kuti wapsa. Mu 1393 mfumu Richard II inalamula kuti aliyense wogulitsa mowa aziika chikwangwani, kuti anthu amene ankayendera ndi kulawa mowa azipapeza mosavuta. Munthu akati tikakumane pa mkango wofiira (Red Lion), ankangotchula chimene maso ake aona. Dzina linabadwa choncho.

Zimene ankajambulazo zinkasonyeza mbali imene mwini bala ali. White Hart ndi mbawala yamphongo yoyera, chizindikiro cha Richard II yemweyo. Cross Keys ndi makiyi a Petulo Woyera. Mfumu Henry VIII itapatukana ndi Papa m'zaka za m'ma 1530, zithunzi zokumbutsa mpingo wa Roma zinayamba kuopsa, ndipo chithunzi cha mutu wa mfumu chinakhala chinthu chabwino kupachika pakhomo.

Royal Oak ndiye ili ndi nkhani yokoma. Mu 1651 Charles II, amene ankamenyera ufumu, atagonja pankhondo ya ku Worcester anabisala tsiku lonse mumtengo wa oak ku Boscobel, asilikali akumusaka pansi pomwepo. Atabwerera pampando mu 1660, eni mabala analikonda dzinali. Mukayang'anitsitsa pachikwangwani, nthawi zambiri muona chisoti chachifumu kapena nkhope yake pakati pa masamba.

Koma limene limandikhudza mtima ine ndi Marquis of Granby. Ameneyu anali John Manners, mkulu wa asilikali wadazi amene chipewa chinamugwa akutsogolera apakavalo pankhondo ya ku Warburg, ku Germany, mu 1760. Ankathandiza asilikali ake opuma ndi ndalama zake kuti atsegule mabala, ndipo iwo pothokoza anapachika nkhope yake. Anamwalira mu 1770 ali ndi ngongole zambiri, koma mpaka lero dazi lake likulendewera m'misewu ya m'midzi ndi m'matauni.

Mayina ngati Railway anabwera pambuyo, sitima zapamtunda zitafika.

Popeza muli ku Nottingham, tsiku lopuma mukayende m'munsi mwa thanthwe la Nottingham Castle. Pali bala lotchedwa Ye Olde Trip to Jerusalem, lomwe zipinda zake zina anazigoba m'mwala momwemo. Pakhoma analembapo 1189, chaka chimene Richard I analowa ufumu. Ngakhale simumwa mowa, lowani mukaone mapangawo.