Bambo amangidwa atamwa mabotolo awiri okha: lamulo likuti chiyani?

Mayi, mwalemba kuti bambo akunyumba anaimitsidwa Lachisanu usiku pamsewu wa M3 akuchokera ku Thondwe, anauzira mpweya m'kachipangizo ka apolisi, ndipo ali m'chitokosi. Bambowo akuti anamwa mabotolo awiri okha, sanagunde munthu.

Ndisakubisireni, mawu akuti "sindinaledzere" sawombola munthu kukhoti. Lamulo la zapamsewu la Road Traffic Act la 1997 limaletsa kuyendetsa galimoto mowa kapena mankhwala ozunguza bongo atakusokoneza. Limaletsanso kuyendetsa mowa wa m'magazi utafika magalamu 0.08 pa mamililita 100 a magazi. Pamlandu wachiwiriwu woweruza amayang'ana nambala yosonyeza kuchuluka kwa mowawo, kaya munthu amadzandira kaya ayi, kaya ngozi yachitika kaya ayi. Kuwerenga mabotolo sikuthandiza, chifukwa mowa umakwera mosiyana malinga ndi thupi la munthu, mtundu wa mowawo komanso ngati anadya. Zija amauzana kubala zoti khofi kapena madzi ozizira amathetsa mowa n'zabodza, chiwindi chimagwira ntchito yake mosathamanga.

Komabe womangidwa sataya ufulu. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko likuti auzidwe chifukwa chomwe wamangidwira, ali ndi ufulu wokhala chete ndi wolankhula ndi loya, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera tsiku limene khoti silikhala, aonekere tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Kwa bambowa ndiye Lolemba.

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akakunong'onezani kuti mupereke kangachepe kuti nkhani ife, kanani, chifukwa ziphuphu ndi mlandu winanso, ndipo ungagwere inuyo.

Kwa majisitireti adzawawerengera mlandu n'kuwafunsa ngati akuuvomera. Asavomere pongofuna kutuluka msanga. Akaukana, boma ndilo liyenera kupereka umboni, ndipo iwo angafunse wapolisi kuti anawayeza nthawi yanji, motani, ndipo nambala inalembedwa pati. Ngati umboni uli wolimba, kuvomera msanga kumathandiza kuti chilango chichepe, makamaka kwa wolakwa koyamba. Apatu anene za ana ndi za ntchito imene imadalira laisensi, pakuti khoti likhoza kulamula chindapusa, ndende kapena kuimitsa laisensiyo. Akaona kuti chigamulo sichinayende bwino, apilo imapita ku High Court, yomwe ili konkuno ku Zomba.

Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau m'tauni muno, yomwe imathandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya. Lolemba mulawirire kukhoti ndi achibale awiri okhala ndi ziphaso zaunzika, oti angawaimire pa belo.