Mafunso pa Chichewa: ng'amba, namondwe ndi malonjezo a boma pa kusintha kwa nyengo

Mayi wina amene amamasulira zikalata ku Lilongwe wafunsa: "Ndikulemba za mvula yovuta ya mu 2024. Kodi ndinene kuti kunali chilala kapena ng'amba?"

Mayi, mawu awiriwa alimi samawasokoneza, ngakhale kuti olemba nkhani ambiri amangowasinthanitsa. Ng'amba ndi kudukiza kwa mvula m'kati mwa dzinja, mbewu zitamera kale. Dzuwa limaswa mtengo kwa milungu ingapo, chimanga chimene chinali pafupi kumasula n'kupota masamba ngati anyezi, ndipo mvula ikabweranso imapeza zina zitapserera. Chilala n'chachikulu kuposa pamenepo, chifukwa chimatenga nyengo yonse kapena zaka zotsatizana, mpaka zitsime kuphwa, msipu kutha ndi mitsinje kusanduka mchenga. Pamene nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, palibe amene akanati imeneyo ndi ng'amba. Za 2024, mvula inayamba, anthu anabzala, kenaka inadula nthawi yaitali chifukwa cha El Niño (kutentha kwa madzi a m'nyanja yaikulu ya Pacific kumene kumasokoneza kagwedwe ka mvula), moti pa 23 Malichi Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Pofotokoza zimene zinachitika m'munda lembani kuti ng'amba, ndipo mawu akuti chilala muwasungire pamene mukunena za kukula kwa vutolo m'dziko lonse. Kusiyanitsaku kuli ndi ntchito, pakuti malangizo a alangizi amatsatira mawuwo: pa ng'amba amalimbikitsa mbewu zocha msanga ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi, pamene pa chilala nkhani imakhala ya ulimi wamthirira ndi chakudya cha thandizo.

Wophunzira wina wa ku Mulanje akuti: "Bwanji timati namondwe wa Freddy, ngati kuti mwini wake ndi Freddy?"

Palibe cholakwika. Kamawu ka "wa" kameneka sikasonyeza umwini nthawi zonse, ndipo timakagwiritsa ntchito potchula dzina la chinthu, monga tinenera kuti mtsinje wa Shire kapena mzinda wa Blantyre. Choncho namondwe wa Freddy, amene anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi 2023, ndi Chichewa chabwino, chimodzimodzinso namondwe wa Ana amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Akachuluka ndi anamondwe.

Bambo wina wogwira ntchito pa wailesi ya m'dera walemba motere: "Ndimamva ena akuti lamulo la kusintha kwa nyengo, ena ndondomeko, enanso mgwirizano. Kodi zonsezi n'chimodzi?"

Ayi, Bambo, ndipo apa ndi pamene omvera amasokeretsedwa kwambiri. Ndondomeko ndi njira imene boma ladziikira kuti litsate, monga ndondomeko ya dziko lino yoyendetsera nkhani za kusintha kwa nyengo ya mu 2016. Imatsogolera maunduna ndi makhonsolo, koma munthu samangidwa chifukwa chosaitsata. Lamulo limadutsa ku Nyumba ya Malamulo ndipo woliphwanya amayankha kubwalo la milandu. Chitsanzo chake ndi lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi la mu 2023, limene linalowa m'malo mwa lakale la mu 1991. Mgwirizano ndi wa pakati pa mayiko, monga wa ku Paris wa mu 2015 wokhudza kusintha kwa nyengo, umene Malawi anauvomereza mu 2017.

Koma cholakwika chimene chimandidetsa nkhawa koposa chili pa mneni. Mu 2021 dziko lino linapereka lonjezo lake latsopano pansi pa mgwirizano wa ku Paris, lakuti pofika 2040 mpweya wotenthetsa dziko umene limatulutsa utsike ndi 51 peresenti poyerekeza ndi m'mene ukanakhalira popanda kuchitapo kanthu. Mwa zimenezi, 6 peresenti yokha ndi imene boma linati lichita ndi chuma chake, ndipo 45 yotsalayo ikudalira thandizo la ndalama ndi luso lochokera kunja. Mtolankhani akanena kuti "Malawi adzachepetsa mpweyawu ndi 51 peresenti" wanena zoposa zimene boma linalonjeza, pakuti "adzachepetsa" ndi mawu otsimikiza. Chiganizo choona chiyenera kukhala ndi mbali ziwiri: adzachepetsa ndi 6 peresenti payekha, ndipo angachepetse mpaka 51 peresenti ngati thandizo lipezeka. Mukachotsa "ngati" ameneyo, mwabisira omvera gawo lalikulu la nkhaniyo. Ndalemba dala kuti mpweya wotenthetsa dziko, chifukwa mukati mpweya woipa pa msonkhano wa m'mudzi, achinyamata okhala kumbuyo amayamba kuseka zina.

Mlangizi wina wa ku Nsanje wafunsa ngati n'koyenera kuuza anthu kuti "azolowere kusintha kwa nyengo", monga amaonera m'timabuku tina ta mabungwe.

Ine mawuwa sindiwakonda. Pa Chichewa munthu amazolowera chinthu chimene wasiya kulimbana nacho, monga kuzolowera umphawi kapena phokoso la chigayo, ndipo munthu wa m'chigwa cha Shire amene madzi osefukira anamukokolera nyumba mu 2015, n'kubwerezanso mu 2019 pa nthawi ya namondwe wa Idai, akamva kuti azolowere amamva ngati mukumuuza kuti angokhala chete. Chimene zikalata za boma zikutanthauza ndi kusintha kachitidwe ka zinthu pofuna kudziteteza: kusamukira kumtunda, kumanga nyumba za maziko okwera, kubzala mapira ndi chinangwa pambali pa chimanga, ndiponso kumvera machenjezo a nthambi yoona za nyengo. Pa msonkhano nenani kuti "tisinthe kalimidwe ndi kamangidwe kuti tidziteteze", kenaka tchulani ntchito yeniyeni imene mukufuna kuti anthu a m'mudzimo ayambe chaka chino.