Laputopu yanga ikukwawa ngati nkhono, ndiwonjezere RAM?

FUNSO: Achimwene a tsamba la zamakompyuta, ine ndili ndi Lenovo ThinkPad T430 yomwe ndinagula yakaunjika, RAM yake (ija imasunga kwakanthawi zomwe kompyuta ikugwira panthawiyo) ndi 4GB basi. Ndikangotsegula Chrome ndi Word pamodzi imahang'a, mpaka ndimatereka tiyi nkumwa iyo isanatsegulebe. Mnzanga akuti andigulitse RAM ya 8GB ya DDR4 motchipa. Nditenge? Wophunzira, Zomba.

YANKHO: Aise ndalamayo isungeni kaye mthumba, DDR4 siyingalowe olo pang'ono mu T430. Makina amenewo ndi a 2012 ndipo amalandira RAM ya mtundu wa DDR3, ndiye DDR3 ya laputopu ili ndi mapini 204 pomwe DDR4 ili ndi 260, komanso kampata kapansi pa kathabwa ka RAM kali malo osiyana, mukaikakamiza mungothyola soketi nkuyamba kulira maliro a madabodi, thabwa lalikulu lija la mkati mwa kompyuta. Mnzanuyo mwina sakukuberani dala, kungoti anthu ambiri amaganiza kuti RAM ndi RAM basi.

Zabwino zake T430 ili ndi malo awiri oikamo RAM ndipo imafika 16GB, 8 uku 8 uku. Pogula muyang'ane pakasitika pakhale PC3-12800S kapena PC3L-12800S, S yo ikutanthauza kuti ndi yaing'ono ya laputopu osati yaitali ya desikitopu. Kwa inu kungowonjezera 4GB ina kuti ikwane 8GB zikwanira ndithu pa za sukulu.

Koma musanathamangire ku shopu dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mupite pa Performance. Pa Memory muona kuti RAM ikudyeka yochuluka bwanji komanso malo angati ali kale ndi kathabwa. Kenako muone pa Disk, ndipo apa ndi pomwe ine ndikukayikira kwambiri, chifukwa makina ambiri akaunjika amabwera ndi hadi disiki yakale yozungulira ija, ndiye ikamangokhala pa 100% nthawi zonse vuto lenileni ndi limenelo, olo muike 16GB muzidikirabe tiyi wanu uja. Ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha ine ndingayambe ndi SSD (disiki yatsopano yosazungulira, yothamanga) ya mtundu wa SATA ya mainchesi 2.5, kusintha kwake mumakuona tsiku lomwelo poyatsa. Muonenso kuti Windows yanu ndi ya 64-bit, ya 32-bit imalephera kugwiritsa ntchito olo 4GB yonse.

Kuika kwake sikovuta. Thimitsani makinawo kotheratu, zulani chaja, chotsani batire, mugwire kaye chitsulo chilichonse kuti magetsi a mthupi asaotche zinthu. Malo amodzi ali pansi kuseri kwa kachitseko, enawo ali kunsi kwa kiyibodi, ndiye ngati opanda kanthuwo ali a kiyibodi ndipo manja akunjenjemera pitani nayo kwa okonza, kalamba ka kiyibodi sikachedwa kuduka. Kathabwako muzikagwira mmbali, kalowetseni mopendekeka kenako mukadinikizire pansi mpaka timapanda tiwiri tambali togwira kathabwako timveke kuti tswa. Ikayaka koma sikirini nkukhala yakuda musadandaule, nthawi zambiri ndiye kuti sikanakhale bwino, kazuleni mukaikenso.

Ndipo popita kogula nyamulani laputopuyo, aike pompo inu mukuona, iyake, muone 8GB yalembeka pa sikirini ndiye mutulutse ndalama.