Mzati, nsichi ndi nsanamira si mtengo umodzi

Mdzukulu wanga, wandilembera kuti ukukonza mawu oti ukalankhule pa chinkhoswe cha mlongo wako, ndipo ukufuna kudziwa ngati malume ako uwatchule kuti mzati kapena nsanamira ya banja, popeza kwa iwe mawu awiriwa ndi amodzi. Usade nkhawa, pakuti ambiri a msinkhu wanu amasokoneza chimodzimodzi, koma ukadayamba wandifunsa kuti mitengo imeneyi inkaima pati m'nyumba ndiponso inkasenza chiyani.

M'nyumba zozungulira zimene tinakuliramo ife, nsichi zinali mitengo yozikidwa mondondozana, yomangidwa ndi nsungwi zong'amba ndi luzi la mombo, kenaka n'kumatidwa dothi kuti chikhale chipupa. Nsanamira zinkaima pakhonde, kulandira nsonga za mapaso kuti mvula isamenye chipupacho. Mzati unali umodzi wokha, pakati pa nyumba, ndipo denga lonse linkatsamira pa iwo. N'chifukwa chake abale athu achisilamu amanena za nsanamira zisanu za chipembedzo chawo, ena amati nsichi zisanu, ndipo boma litakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063 m'chaka cha 2021 linanena za nsanamira zitatu, zomwe ndi ulimi, mafakitale ndi kukuza mizinda. Zinthu zogwira ntchito mothandizana zimayenera dzina la nsanamira, pamene mzati timasungira chimene chikachoka, zonse zimagwa.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti mnyamata wa lero sapitanso kuthengo ndi malume ake kukasankha mzati. Ine nditatsala pang'ono kukamanga nyumba kuchikamwini, malume anga anandidzutsa tambala woyamba atangolira, chimanga tili titakolola kale, ndipo tinayenda mpaka dzuwa litakwera tikulambalala mitengo yowongoka bwino imene ine ndikadaidula mosazengereza. Pa mtengo uliwonse ankagogoda thunthu ndi kumsana kwa nkhwangwa, n'kutchera khutu, n'kundiuza kuti uwu uli ndi mphako m'kati ngakhale khungwa lake n'losalala. Pomaliza anaima pa muwanga, mtengo wobunthitsa nkhwangwa koma wosagonjera chiswe msanga. Tinausenza anthu anayi, ndipo kumudzi tinawaula tsinde lake pamoto mpaka linada bii, tisanauzike m'dzenje ndi kutsendera dothi ndi miyala, amayi akutipatsa thobwa m'zipanda.

Pa ulendo umenewo m'pamene ndinauzidwa mmene mkamwini amakhalira pamudzi wa eni ake, mmene amapatukira m'njira akaona apongozi ake aakazi, ndiponso kuti mkangano wa m'nyumba umapita kwa ankhoswe, osati kwa anzake akumowa. Sanandikhazike pamphasa kuti andilangize. Zonsezi ankazinena akuyang'ana mitengo, ndipo mpaka lero ndikamva kulira kwa nkhwangwa pa mtengo wa mphako ndimakumbukira mawu awo.

Nyumba za njerwa ndi malata sindizida ayi, ndipo ineyo ndimagona m'nyumba yoteroyo. Nkhalango nazo zatha, kotero sindingakutume kukagwetsa muwanga umene watsala. Koma mnyamata akangogula mapolo a bulugama m'mbali mwa msewu n'kulipira mmisiri, nyumba imaima bwinobwino, malangizo aja osamupeza. Zotsatira zake ndi zimene ndimamva pamaliro masiku ano, pamene aliyense amene ankatumiza ndalama pafoni akulengezedwa kuti mzati wagwa. Kale mawu amenewo ankanenedwa motsitsa liwu, pa munthu amene ankaweruza milandu ya mbumba, kugawa minda ndi kulera ana amasiye, ndipo omvera ankayamba kulingalira pomwepo kuti alowe m'malo mwake ndani.

Tsono kwa ife a mbumba, malume ako ndiwo mwini mbumba, ndipo ngati asenzadi katundu wa banja lanu, atchule kuti mzati mosachita mantha. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri uwatchule nsanamira, pakuti amaima kunja kwa nyumba ya mlongo wako koma ndiwo adzatchinjirize chipupa mvula ikadzabwera. Chinkhoswe chisanafike upite kumudzi ukagone masiku awiri, uwapemphe malume ako akuonetse mphanda zimene zanyamula nkhokwe yawo, ndipo uwafunse kuti anazidula kuti ndiponso anali ndi yani tsiku limenelo.