Kodi tinsomba ta neon tetra ndi abale a mbuna?

Funso: Ndaona m'sitolo tinsomba tonyezimira totchedwa neon tetra ndi cardinal tetra. Kodi ndi abale a mbuna za m'Nyanja ya Malawi, ndipo ndingatisunge m'thanki limodzi ndi mbunazo? Wowerenga, Blantyre.

Yankho: Ayi, si abale konse. Mbuna zili m'banja la Cichlidae, pamene tinsombati tili m'gulu la Characiformes, ndipo kwawo ndi ku South America. Mitundu yonse iwiri ya tetrayi ili m'gulu laling'ono la Paracheirodon. Neon tetra, yomwe George Myers anaifotokoza mwasayansi mu 1936, imapezeka kumtunda kwa mtsinje wa Amazon ku Peru, Colombia ndi Brazil, pomwe cardinal tetra, yofotokozedwa mu 1956, imakhala m'mitsinje ya Rio Negro ndi Orinoco.

Kuti muzisiyanitse, yang'anitsitsani mzere wofiira womwe uli kunsi kwa mzere wabuluu: pa cardinal umayenda thupi lonse, koma pa neon umayambira pakati pa thupi kukathera kumchira. Mzere wabuluuwo umawala chifukwa cha timakristalo ta m'khungu tobweza kuwala, ndipo usiku umazilala. Pakati pa chipsepse chapamsana ndi mchira palinso kachipsepse kakang'ono kamafuta komwe mbuna zilibe. Kaswedwe nakonso n'kosiyana, chifukwa mbuna yaikazi imasunga mazira m'kamwa, pamene tetra imangomwaza mazira m'zomera osawasamalira, nthawi zina n'kuwadya.

Chonde musasakanize tetra ndi mbuna. Tetra zinazolowera madzi a asidi pang'ono, okhala ndi mchere wochepa kwambiri, odetsedwa ndi masamba owola ngati tiyi wopanda mkaka, pomwe madzi a m'nyanja yathu alibe asidi wotere. Komanso mbuna n'zaukali ndipo zingapweteke kansomba kosapitirira masentimita 5. Tetra zisungidwe pazokha, zambirimbiri pamodzi, popeza zimayenda m'chigulu.