Mwendo wanga unalowa m'ngalande: kodi ndikasumire khonsolo?

Mayi wina wanditumizira imelo sabata ino. Akuti ankayenda madzulo m'mbali mwa msewu, n'kuponda chivundikiro cha ngalande chomwe chinali chothyoka, mwendo n'kulowa. Anabinya kakolo, anasupuka pabondo, ndipo anakhala masiku awiri osapita kuntchito. Pano akuyenda bwinobwino, koma mtima sukuphwa. Akufunsa ngati n'koyenera kusumira khonsolo, kapena angozisiya poti fupa silinathyoke.

Mayi, pepani kwambiri. Tisanafike kwa akhonsolowo, ndiyambe ndi balalo. Ngati munachekedwa ndi chitsulo kapena m'balamo munalowa matope, funsani kuchipatala za katemera wa kafumbata. Munthu wamkulu amayenera kubayitsanso pakatha zaka 10, koma bala likakhala lozama ndi lakuda, madokotala amabaya ngakhale zitangodutsa zaka 5.

Tsopano za kusuma. Ine sindingathamangire kukhothi. Kumeneko sikokwanira kunena kuti ndinagwa pamalo a khonsolo ndipo ndinapweteka. Woweruza amafuna kumva ngati malowo alidi m'manja mwa khonsolo, ngati iwo ankadziwa za vutolo kapena anayenera kudziwa, komanso ngati anali ndi nthawi yokonza koma n'kulekerera. Chivundikiro chikathyoka usiku inu n'kugwerapo m'mawa, mlandu wanu ndi wofooka. Chikakhala kuti chatha miyezi chili chomwecho, anthu akudandaula, pamenepo mwagwira pogwira. Ndiye muwerengerenso ndalama za loya ndi miyendo yopita kukhothi, zomwe pa kubinya kokha zikhoza kuposa chipepeso chimene mungalandire.

Chomwe ndingachite ine ndi kulemba kalata, ndipo ndingailembe msanga. Koma muyambe mwafufuza mwini malowo. Si zonse za pamsewu zili za khonsolo. Misewu ina ikuluikulu imayang'aniridwa ndi boma, ndipo zivundikiro zina ndi za kampani ya madzi kapena ya mafoni. Anthu ambiri amataya milungu akukalipira ofesi yolakwika, mlembi wa pamenepo akungogwedeza mutu.

M'kalatamo mulembe tsiku, nthawi ndi malo enieni, mwakuti munthu wosadziwako akhoza kukafika osasochera. Muikemo zithunzi za dzenjelo, makope a mapepala a kuchipatala ndi malisiti, ndi mayina a amene anaona, ngati avomera. Kenako munene chimene mukufuna. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amalemba masamba atatu a mkwiyo, osatchula pempho ngakhale limodzi. Inu lembani kuti mukufuna akonze malowo, akubwezereni zimene munawononga, ndiponso akuuzeni ngati wina anawadziwitsapo kale za ngalandeyo. Musawonjezere ululu womwe kunalibe, chifukwa pepala la dokotala lidzakutsutsani.

Mukapite ndi makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsikulo mubwerere nayo. Chidindocho ndicho chimatseka pakamwa munthu wofuna kudzanena kuti sitinamvepo. Kopi yachitatu mupatse khansala wa dera lanu, poti anthu amene amadikira voti makutu awo amamva msanga kuposa a muofesi. Kulemba pa Facebook kumatsitsa mtima, nthawi zina kumawachititsadi manyazi, koma sikulowa m'faelo.

Musachedwe, chifukwa malamulo amaika malire a nthawi yosumira munthu akavulala, ndipo m'mayiko ena mabungwe a boma amayenera kudziwitsidwa mwa kalata pasanathe miyezi yochepa. Akadzakupatsani kandalama n'kukuuzani kuti musayine, werengani kaye modekha, chifukwa nthawi zambiri siginechayo imatanthauza kuti nkhani yatha, ngakhale mwendo utadzayambanso kuvuta. Akangokhala chete, lembaninso kutchula kalata yoyamba ija, ndipo akapitiriza, mayiko ambiri ali ndi ofesi ya Ombudsman yomwe imamva madandaulo a anthu pa maofesi a boma popanda kulipiritsa.

Mu imelo yanu simunatchule zithunzi. Ngati simunajambule, mawa m'mawa pitani mukajambule, muike nsapato pambali pa dzenjelo kuti kukula kwake kuoneke. Akangomva kuti pavulala munthu, akhoza kudzatsekapo usiku womwewo.