Kudula masipuling'i a galimoto ndi gilayinda: yankho kwa mbale wa ku Mufakose

Mbale wina wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, wandilembera imelo yofunsa za Honda Fit yake. Akuti akufuna kuitsitsa kuti matayala adzaze bwino m'madigadi, koma masipuling'i opangidwira kutsitsa galimoto wawapeza odula m'mashopu a mu Kaguvi Street. Pakhomo ali ndi gilayinda, sowo yodulira zitsulo ndi jeke, ndipo mnzake wowotcherera ku Gazaland wamuuza kuti ndi gasi ntchitoyi siitenga nthawi. Funso lake ndi lakuti adule ndi chiyani, ndiponso adule makoyilo angati, ndiye kuti mizungulire ingati ya waya wa sipuling'i.

Achimwene, kudula n'kotheka, ndipo amakaniko akhala akudula kuyambira kale. Koma pa ntchito yonseyi kudulako ndi gawo laling'ono kwambiri, ndipo ambiri amene galimoto zawo zikudumphadumpha mu Simon Mazorodze Road sanalakwitse podula, analakwitsa asanagwire n'komwe gilayinda.

Za gasi ndikukanizirenitu. Waya wa sipuling'i amauumitsa ku fakitale poutentha ndi kuuziziritsa mwadzidzidzi, kenaka amaufunditsanso pa madigiri pafupifupi 400 kuti uzitha kupindika n'kubwerera m'malo mwake osathyoka. Lawi la gasi wowotcherera, wa oxy-acetylene, limapitirira madigiri 3,000, ndipo kutenthako kumayenda mu waya kufika kutali ndi pamene mukudulapo. Gawo limene lapsa limafewa, moti galimoto imayamba kutsika yokha pang'onopang'ono, mbali iyi kuposa inayo, kapena waya umadzathyoka tsiku lina mutagunda dzenje. Alipo ena amene satulutsa n'komwe sipuling'i, amangoiwotcha ili pagalimoto mpaka galimotoyo itakhala pansi monga mwini wake akufunira. Imeneyo ndiyo njira yoipa kuposa zonse, chifukwa palibe amene angakuuzeni kuti sipuling'iyo yatsala ndi mphamvu yotani. Sowo yamanja ilibe vuto la kutentha, kungoti chitsulo chimenechi n'cholimba ndipo chimatha mano a sowo msanga. Chida choyenera ndi gilayinda yaing'ono ya mamilimita 115 yokhala ndi disiki yopyapyala ya milimita imodzi.

Musanatulutse nati ngakhale imodzi, gwadani muone mmene sipuling'i iliyonse yathera kumapeto kwake. Ina imangotha ngati kuti waya ukanapitiriza kuzungulira, ndipo nsongayo imakhala pa kamtsetse kamene kali m'mbale yachitsulo kapena ya labala. Mtundu umenewu ndi wokhawo umene ungadulidwe. Ina koyilo yake yomaliza anaipanikiza n'kuipala kuti ikhale yafulati, ndipo mukachotsa mbali imeneyo sipuling'i siingakhalenso mowongoka. Inanso imaning'a kumapeto ngati mchira wa nkhumba, kuti igwire kachitsulo kakang'ono kozungulira, ndipo yotere mukaidula imakhala yotakata kuposa malo ake. Galimoto zambiri zing'onozing'ono zochokera ku Japan zili ndi masipuling'i oning'a chonchi kumbuyo. Ngati anu ali otere kumapeto onse awiri, nkhani yathera pomwepo, gilayinda ibwerere m'bokosi.

Pa funso la makoyilo angati, masamu ake ndi awa. Kulimba kwa sipuling'i kumadalira kunenepa kwa waya, kukula kwa mkombero, ndi kuchuluka kwa makoyilo amene akugwira ntchito. Makoyilo akachepa, sipuling'i imalimba. Ngati ogwira ntchito ali 6 inu n'kuchotsapo imodzi, kulimba kumakwera ndi 20 peresenti, mukachotsa awiri kumakwera ndi 50 peresenti. Anyamata ambiri akamva zimenezi amakondwa, amati ndiye kuti galimoto izigwira bwino msewu pokhota. Chimene amaiwala ndi shock, chipangizo chimene chimaletsa galimoto kudumphadumpha. Shock ya ku fakitale anaipangira sipuling'i yofewa ndi yaitali, tsono galimoto ikatsika, mpata umene tayala linali nawo wokwerera m'mwamba umachepa, ndipo bampu iliyonse imakafikitsa galimoto pa labala wotchinga amene ali pothera mpatawo. Kumeneko ndiko kumachokera kudumpha kowawa msana kumene mumakuona pa galimoto zodulidwa, ndipo tayala likakhala m'malere mabuleki alibe chogwira.

Kuti mudziwe kuti itsika motani, yezani mtunda wa pakati pa koyilo ndi inzake galimoto ili pansi pa matayala ake, osati sipuling'i ili pabenchi. Kutsogolo kwa Fit, kumene sipuling'i imavala shock m'kati mwake, galimoto imatsika pafupifupi ndi mtunda womwewo pa koyilo iliyonse imene mwachotsa. Pa galimoto zimene sipuling'i imakhala pakati pa mkono wapansi, kutali ndi tayala, kutsikako kumaposa pamenepo, mwina kufika kawiri. Ine sindingalole munthu kudula koposa theka la koyilo nthawi imodzi, ndipo zonse pamodzi zisapose koyilo imodzi. Mukadula mochepa mungathe kubwerezanso, koma chimene mwadula sichiwotchereredwa.

Pamene anthu amavulala kwenikweni ndi potulutsa sipuling'i ya kutsogolo. Iyo imakhala yofinyidwa ngakhale strut yonse, ndiye kuti shock pamodzi ndi sipuling'i yake, itatuluka m'galimoto, ndipo nati ya pamwamba ija ndiyo yokha ikugwira mphamvu imeneyo. Mukaimasula popanda spring compressor, chida chofinyira sipuling'i, mbale ya pamwamba imauluka ndi mphamvu yotha kuphwanya nsagwada. Waya, zingwe kapena malamba si zogwirira sipuling'i. Ngati compressor mulibe, bwerekani, kapena nyamulani ma strut onse awiri mupite nawo kugalaja. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi ya kuchipatala. Galimoto nayo ikhale pa ma stand, zitsulo zochirikizira galimoto ikakwezedwa, osati pa jeke pokha kapena pa njerwa.

Sipuling'i ikatuluka ndipo mwaimasula, ipaneni mu vayisi mutaikulunga kansanza kuti penti isasupuke. Lembani ndi choko pamene mudule, kuwerengera kuchokera pa nsonga ya waya, ndipo chizindikirocho chifanane pa ya kumanzere ndi ya kumanja. Valani magalasi, chotchinga cha gilayinda chisachotsedwe, ndipo dulani pang'onopang'ono, mukuima ndi kuthira madzi. Yang'anitsitsani mtundu wa chitsulo pafupi ndi disiki: chikayamba kuoneka chachikasu ngati udzu wouma chatentha ndithu, chikafika pobiriwira ngati thambo ndiye kuti chafika madigiri pafupifupi 300, imani chizizire. Mukamaliza salazani nsonga ndi tupa kuti isang'ambe labala, ndipo ipakeni penti, chifukwa mvula ikayamba mu Novembala dzimbiri limayambira pamenepo. Pobwezera onetsetsani kuti nsonga yatsopano yakhala pa kamtsetse kake. Mukadula theka la koyilo nsongayo imasunthira mbali ina, ndipo ngati mbale siingatembenuke kuti ikumane nayo, sipuling'i imakhota ndi kumakhula.

Tsono za Fit yanuyo ndinene maganizo anga. Galimoto imeneyi ndi yotsika kale, pansi pake pali mpata wa masentimita pafupifupi 15 basi, ndipo anaipangira misewu ya ku Japan. Inu mumakhala ku Mufakose, mumadziwa mabampu ndi maenje amene mumadutsa m'nyengo ya mvula, ndiponso Lamlungu mumanyamula banja lonse kupita kutchalitchi. Mukachotsapo masentimita 4, chimene chidzayambe kukumana ndi msewu ndi sampu ya injini, mosungira oyilo pansi pake, ndi ekizozi. Ikanakhala yanga sindikanadula. Ngati mtima uli pa kutsitsa basi, sungani ndalama mugule masipuling'i a Eibach, H&R kapena Tein opangidwira galimoto yomweyo, amene kulimba ndi kutalika kwake anawerengera kale. Awuzeninso a inshuwalansi za kusinthako, ndipo ngati galimotoyo idzafunike kukayesedwa ku VID, nthambi ya boma yoyesa magalimoto, dziwani kuti woyesa amasuzumira pansi.

Ngati mwadulabe, musatuluke pageti musanachite ichi: kwezani galimoto mpaka matayala alendewere, ndipo gwedezani sipuling'i iliyonse ndi dzanja. Kumbuyo kwa Fit sipuling'i ndi shock zimakhala padera, ndipo chimene chimagwira sipuling'i m'malo mwake ndi kufinyika kwake kokha. Ikamagwedera ndiye kuti yafupika mopitirira, tsiku lina idzachoka pabampu n'kukang'amba tayala kapena paipi ya mabuleki, choncho masipuling'i awiri onsewo atayeni mugule ena. Ikakhala yothina bwino, pitani mukachititse alayimenti, kuwongola kaimidwe ka matayala, tsiku lomwelo, ndipo madzulo muimike galimoto moyang'ana khoma muone ngati nyali zikuwalabe pamene ziyenera.